Ng'ombe yachikasu ija si ya chipani: momwe mungawerengere chithunzi cha nyama chopentedwa mwa expressionism

Tsiku lina ndili m'minibasi yochokera ku Area 25 kulowa m'tauni, foni m'manja ndikuyang'ana chithunzi cha ng'ombe, bambo wina wachikulire amene tinapanikizana naye mpando anasuzumira kenako nkufunsa mokweza kuti, "Achimwene, wajambula ichi anaionapo ng'ombe koma? Yachikasu ngati papaya chonchi, kapena ndi ya UDF?" Minibasi yonse phwete. Inenso ndinaseka koma sindinathe kuwayankha bwino chifukwa ndimatsikira pafupi, ndiye yankho lija ndi ili, ndalikonza mwa masitepe kuti inunso mukakumana ndi chithunzi chotere musangoti ndi zamisala za azungu nkupitirira.

Chithunzi chija anapenta ndi Franz Marc, wa ku Germany, mu 1911, ndipo pano chili ku Guggenheim Museum mu New York. Mukalemba pa Google kuti Franz Marc Yellow Cow chibwera pompo. Kapentedwe kameneka ndi komwe amati expressionism, kanakula ku Germany zaka za m'ma 1900 zikungoyamba. Kunali gulu lina ku Dresden lotchedwa Die Brücke lomwe linayamba mu 1905, ndi lina ku Munich lotchedwa Der Blaue Reiter lomwe Marc anayambitsa ndi Wassily Kandinsky mu 1911. Maganizo awo mwachidule anali akuti zofanizira chinthu ndendende kamera ikutha kale, ntchito ya wopenta ndi kutulutsa zimene zikuwira mumtima akachiona chinthucho. Ndiye funso loti "kodi ng'ombe imaoneka chonchi?" lisiyeni pakhomo ngati nsapato zamatope. Funso lolowa nalo mkati ndi loti munthuyu wasinthiranji, ndipo kusinthako kukundichita chiyani ineyo.

Sitepe yoyamba, konzani foni ndi maso. Izi zikumveka zachibwana koma anthu ambiri amalakwitsa apa. Pezani chithunzi chachikulu, osati kaja kofinyika kotumizirana pa WhatsApp, bandulo ikakhala yochepa dikirani mpaka mupeze wifi. Zimitsani ka setting ka usiku kaja kamene kamapangitsa sikirini kuoneka yachikasu, chifukwa kamapha buluu yense ndipo pa zithunzi za Marc buluu ndi nkhani yaikulu. Foni igonekeni cham'mbali. Komanso dziwani kukula kwa chinthu chenichenicho, ng'ombe yachikasu ija ndi pafupifupi masentimita 140 mulitali ndi 189 mulifupi, kunena kwake ngati matiresi a dabulo mutawaimika cham'mbali pakhoma, ndiye ganizirani ng'ombe yaikulu choncho ikukudumphirani kumaso, si kachidole ka pa sikirini ayi. Mukatero yang'anani mphindi ziwiri muli chete, osawerenga zimene ena alemba pansi pake. Mphindi ziwiri ndi zambiri, mudzaona nokha chala chikuyabwa kufuna kusuntha.

Yachiwiri njachidule. Tchulani zimene zilipo basi, ngati mukuwerengera katundu wokweza pa lole. Ng'ombe imodzi yaikulu yachikasu ya mawanga a buluu. Mitengo yakuda yopanda masamba. Mapiri a buluu osongoka kumbuyo. Nthaka yofiira, ya orenji, yobiriwira. Ndipo mukayang'anitsitsa chakumbuyo muona ng'ombe zina zing'onozing'ono zofiira zimene zasungunuka ndi nthaka, ambiri saziona ulendo woyamba. Osayamba kumasulira apa, ingowerengani.

Yachitatu ndi imene ine ndimaikonda, ndipo ndi pamene munthu wokulira ku Mitundu, ku Nsaru kapena ku Malingunde amaposa wophunzira wa mu ofesi. Werengani thupi la nyamayo, mtundu muuiwale kaye. Amene munawetako ng'ombe mukudziwa kuti ng'ombe siyankhula koma sibisa kanthu. Nkhunzi ikatsitsa mutu nkumapalasa pansi mumadziwa kuti thawa. Yodwala imagwetsa makutu, msana nkupindika, imatsalira kumbuyo kwa zinzake. Yokhuta imagona pamthunzi nkumabzikula maso ali lambalamba. Ndiye funsani chithunzicho mafunso omwewo amene busa amafunsa m'mawa potsegula khola: khosi lili bwanji, mchira uli kuti, miyendo yaponda pansi kapena ayi, maso akuyang'ana kuti. Ng'ombe ya Marc ija ili m'malere, thupi lonse latambasuka ngati uta, ndipo aliyense amene anaonapo thole likudumphadumpha popanda chifukwa mvula yoyamba itagwa, msipu ukungophukira pa lupsa, akuidziwa mfundo imeneyi asanauzidwe. Sikuthawa chilombo, yothawa imaumitsa thupi ndipo imalunjika kumodzi. Iyi ikungosangalala kuti ili moyo.

Tengani china cha Marc cha chaka chomwecho cha 1911, cha akavalo atatu akuluakulu a buluu chimene chili ku Walker Art Center mu Minneapolis. Apa palibe kudumpha. Akavalo aunjikana, mitu yaweramira pansi, misana yozungulira ngati mitsuko itatu yoyandikana. Kwathu kuno akavalo si ambiri, koma ng'ombe zikaunjikana chonchi madzulo mphepo ya mu Juni ikuwomba mumadziwa mmene pamakhalira bata. Ndiye musanafike nkomwe pa nkhani ya buluu mwagwira kale theka la uthenga, china ndi chimwemwe chosadziletsa, china ndi kudekha kolemera.

Sitepe yachinayi, tsatani mizere ndi chala. Tsinzinani pang'ono mpaka zinthu zing'onozing'ono zisowe, mutsale ndi mizere ikuluikulu yokha, kenako yendetsani chala pa sikirini motsatira. Chala chikamayenda mokhotakhota mofewa ngati njira ya kudambo, chithunzicho nchamtendere ngakhale mitundu yake ikhale yolusa bwanji. Chikamagunda ngodya, kubwerera, kudukaduka, pali nkhondo penapake. Pa akavalo atatu aja muona kuti kupindika kwa misana yawo ndi komwekonso kwa mapiri ofiira ali kumbuyo, ngati phiri ndi kavalo anawaumba ndi dzanja limodzi tsiku limodzi.

Tsopano fufuzani cha 1913 chotchedwa Tierschicksale, kutanthauza tsoka kapena mathero a nyama, chili ku Kunstmuseum Basel ku Switzerland. Munthu yemweyo, patangopita zaka ziwiri, koma chala chanu chivutika. Mizere yonse yasanduka mikondo, yofiira, yodutsana, ngati galasi la minibasi lophwanyika, mitengo ikugwa, ndipo pakati pali gwape wa buluu atakweza khosi m'mwamba mpaka kukhala ngati lithyoka. Kumanzere kuli akavalo ndi nguluwe, zonse zili pa chipwirikiti. Ine ndikachiona ndimakumbukira moto wa tchire wa mu Seputembala, uja anyamata amayatsa posaka mbewa kenako nkuwapulumuka, mphepo nkuutenga, mbalame zikulira m'mwamba, tinyama tikutuluka mbali zonse osadziwa kolowera. Simufunika digiri kuti mumve fungo la utsi pa chithunzi chimenechi.

Yachisanu ndiye mitundu, ndipo ndaichedwetsa dala chifukwa ndi imene imasokoneza anthu akayamba nayo. Ife a Malawi mtundu uliwonse tinaupatsa kale mwini wake. Chikasu ndi UDF, buluu ndi DPP kapena Manoma, chofiira ndi Bullets, ndipo pa mbendera chofiira ndi magazi a omenyera ufulu, chobiriwira ndi nthaka yathu. Zimenezi mutu wanu uzibweretsa wokha, musalimbane nazo, ingozindikirani kuti ndi katundu wanu amene mwabwera naye, Marc samazidziwa. Chitani chonchi: tengani screenshot, ilowetseni mu editor ya foni, chotsani mitundu yonse chikhale cha black and white, yang'anani, kenako bwezerani mitundu. Chimene chasowa pa choyamba nkubwerera pa chachiwiri ndiye ntchito ya utotowo. Ng'ombe ija ikakhala yotuwa imadumphabe koma kutentha kumachoka, imakhala ngati nsima ya dzulo. Chikasu chikabwerera imayaka ngati ili ndi dzuwa m'mimba.

Mukamva nokha kaye ndiye mutha kufunsa kuti mwini wake ankati chiyani, ndipo mwayi wake Marc anazilemba. Mu Disembala 1910 analembera kalata mnzake wopenta August Macke kufotokoza kuti kwa iye buluu ndi wachimuna, wouma mtima komanso wauzimu, chikasu ndi chachikazi, chofatsa ndi chansangala, pamene chofiira ndi zinthu za pansi pano, zolemera ndi zankhanza, zimene mitundu iwiri inayo iyenera kulimbana nazo. Ndiye bwererani ku zithunzi zija ndi mfundo imeneyi. Akavalo a buluu patsogolo pa mapiri ofiira, mzimu uli pakati pa dziko lolemera. Gwape wa buluu pakati pa mikondo yofiira, apa ndiye chofiira chapambana. Ng'ombe yachikasu ikudumpha pamwamba pa nthaka yofiira pamene zinzake zofiira zija zamira m'nthakamo, iyo yokha ndi imene yadzuka.

Koma chenjerani, kiyi ameneyu ndi wa chitseko cha Marc yekha. Ndaonapo anthu ataphunzira zimenezi nkumapita nazo pa chithunzi chilichonse, akaona buluu basi "ndi mwamuna uyu", ayi. Kandinsky, mnzake weniweni, anali ndi maganizo akeake pa mitundu, kwa iye chikasu chinali cholusa ndi chobaya m'maso, osati chofatsa. Anthu awiri a gulu limodzi, mtundu umodzi, matanthauzo awiri. Wopenta wa ku Area 23 akapaka mbuzi yofiira mwina akunena za nthaka ya katondo ya kwawo, mwinanso ndi penti amene anatsala m'chitini, zimachitika.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi, yang'anani malo, makamaka zimene palibe. Zithunzi za kumudzi zimene anyamata amagulitsa pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town mukuzidziwa, pamakhala mayi akusinja, nyumba ya udzu, nkhokwe, mlambe, dzuwa likulowa, ng'ombe zili pa goli zikukoka ngolo. Nyama imakhala ya munthu, ili pa ntchito. Pa zithunzi za Marc zimene tatchulazi fufuzani munthu, simumupeza. Palibe khola, palibe chingwe, palibe busa ndi chikwapu. Si kuti sankadziwa za kumudzi, ankakhala m'mudzi wa Sindelsdorf ku Bavaria kufupi ndi mapiri, ng'ombe ndi akavalo ankaziona tsiku ndi tsiku pamodzi ndi eni ake. Anthuwo anawachotsa dala, chifukwa ankaona kuti nyama zili ndi kuyera kwina kumene munthu anataya. Ankadzifunsanso kuti kodi kavalo kapena gwape amaliona bwanji dziko, ndipo ankaona kuti nkusauka nzeru kumangoika nyama pa malo ooneka mmene maso a munthu amaonera. Ndiye mukaona phiri la buluu, nthaka ya orenji, yesani kuganiza kuti mwina simukuona ng'ombe ili pa dambo, mukuona dambo mmene ng'ombe yosangalala ikulimvera.

Funsaninso kuti inu wopenta wakuimikani pati. Muli patali ngati mlendo wa pa basi akuona ziweto pa windo podutsa ku Nathenje, kapena muli pafupi moti mpweya wa nyamayo ukukufikani? Pa akavalo atatu aja matupi adzaza chithunzi chonse, thambo latsala pang'ono, muli pakati pawo ngati ndinu wachinayi. Ndipo onani pamene nyama ikuthera ndi pamene nthaka ikuyambira, malire akamasowa ndiye kuti wopentayo akukuuzani kuti ziwirizi nchinthu chimodzi.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa zimandidabwitsa tikamati zinthu zotere nzachilendo. Kasiyamaliro akatulukira pabwalo palibe amene amadandaula kuti mphalapala kapena nyama ya m'tchire sioneka choncho, aliyense amadziwa kuti chimene chabwera nchoposa nyama, ndipo thupi limachita tsembwe lokha. Ku Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kuli malo 127 a zojambula pa miyala, zofiira zakale za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo zoyerazo zambiri ndi zinyama zotambasula miyendo ngati ukuzionera kumwamba, zina ndi zilombo za gule. Amene ankajambulawo nyama ankazidziwa kuposa ife, ankazisaka ndi kuzisenda, akanafuna kufanizira akanatha. Ankajambula chiphunzitso. Mukapita ku Mua ku Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, muona zigoba za gule za nkhope zofiira, zachikasu, zakuda, mtundu uliwonse uli ndi chimene ukunena. Sindikuti Marc ndi gule nchimodzi ayi, zimenezo zili ndi eni ake ndi mwambo wake, ndikungoti diso lowerengera nyama yosafanana ndi nyama tili nalo kale.

Yachisanu ndi chiwiri, tsopano ndiye werengani mbiri, chaka ndi zimene zinkamuchitikira munthuyo. Ndaiika kumapeto chifukwa mukayamba nayo mumangoona zimene mwauzidwa. Chaka cha 1911 ndi chimene Marc anamanga banja ndi Maria Franck, amenenso anali wopenta, ndiye akatswiri ena amati ng'ombe yachikasu ija ndi Maria ndipo mapiri a buluu aja ndi Franz mwini. Zikugwirizana ndi kalata ija, ndipo nzokoma kumva, ngakhale kwathu kuno kufanizira mkazi wako ndi ng'ombe ungagone panja. Ine ndimazitenga ngati kuwerenga kumodzi kwabwino, osati chigamulo cha khoti, chithunzicho chimagwira ntchito ngakhale kwa munthu amene dzina la Maria sanalimvepo.

Cha gwape uja mbiri yake ndi yolemera. Anachipenta mu 1913, nkhondo yoyamba ya dziko lonse nkuyamba mu 1914, Marc nkupita kunkhondo. Macke uja wa kalata anafera kunkhondo mu Seputembala 1914. Mu 1915 Marc ali kunkhondoko analandira positikhadi ya chithunzi chake chomwechi, ndipo analembera mkazi wake kuti chikuoneka ngati chinkalosera nkhondoyo. Marc anaphedwa pa 4 Malichi 1916 kufupi ndi Verdun ku France ali ndi zaka 36. Koma nayi mfundo imene ndikufuna muigwire: mukayang'ana mbali ya kumanja ya chithunzicho muona kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lofiirira ngati dothi, lozimirira, losiyana ndi kwinako. Munthu wosadziwa atha kulemba tsamba lonse kuti apa Marc akuonetsa imfa, chiyembekezo chatha, zakutizakuti. Zoona zake nzakuti chithunzicho chinapsa ndi moto pamalo pamene chinkasungidwa Marc atamwalira kale, ndipo mnzake wopenta Paul Klee ndi amene anakonza mbali yopsayo, nkusankha kuipenta mofiirira kuti aliyense aziona pamene dzanja la mwini wake lathera. Ndiye mukaona chinthu chachilendo pa chithunzi, fufuzani kaye ngati ndi dala kapena ndi ngozi musanachimangire ulaliki.

Sitepe yomaliza, nenani kuwerenga kwanu m'ziganizo zitatu, mokweza kapena polemba. Choyamba chiyambe ndi "ndikuona", chachiwiri "ndikumva", chachitatu "chifukwa", ndipo chachitatucho chiloze chinthu chimene mnzanu angachikhudze ndi chala pa chithunzipo. Mwachitsanzo: ndikuona ng'ombe yachikasu ili m'malere pamwamba pa nthaka yofiira, ndikumva kupepuka ngati tsiku lotsekera sukulu, chifukwa thupi lake lonse ndi mzere umodzi wokwera pamene mitengo yakuda yaima chilili ndipo ng'ombe zinazo zamatirira pansi. Mnzanu akati iye akumva mantha, musakangane, mufunseni kuti "chifukwa" chake chili pati. Akaloza mitengo yakuda yopanda masamba ija ndiye kuti ali ndi mfundo, ndipo mwaphunzirapo kanthu. Akangoti "basi ndi mmene ndikumvera" osaloza kalikonse, ameneyo sanayang'ane, abwerere ku mphindi ziwiri zija.

Njira yomweyi igwiritseni ntchito pa zithunzi za openta athu, ndipo kumeneko muli ndi mwayi umene pa Marc mulibe, mwini wake ali pompo. Koma musayambe ndi kumufunsa kuti chikutanthauza chiyani, ambiri funso limenelo limawatopetsa ndipo angokuuzani zimene amauza alendo kuti agule. Muuzeni ziganizo zanu zitatu zija, kenako mufunseni kuti anayamba kupaka mtundu uti, muona nkhani ikutseguka yokha.

Mukafuna choyeserapo nokha usiku uno, fufuzani chithunzi china cha Marc chotchedwa Der Turm der blauen Pferde cha 1913, akavalo anayi a buluu osanjikizana ngati nsanja, utawaleza uli pamwamba. Chimenechi boma la Hitler linachiika pa chionetsero cha 1937 ku Munich chonyoza zojambula zimene ankati nzowonongeka, kenako anachichotsapo asilikali akale atadandaula kuti Marc anafera dziko lake kunkhondo, Hermann Göring, mmodzi wa akuluakulu a boma lomwelo, nkuchitenga, ndipo chiyambire 1945 sichinaonekenso. Zimene zili pa intaneti ndi zithunzi zakale zojambula chithunzicho, ndiye buluu wake amasiyana tsamba ndi tsamba, tsegulani zitatu kapena zinayi muziyerekeze musanafike pa sitepe ya mitundu, ndipo pa chimenechi dalirani kwambiri makosi ndi kumene mitu inayi ija yatembenukira.